Kusankha Mbaula Yosunga Moto M'nyengo Yachisanu

Mau awa tikadangokamba pansi pa mtengo, mphepo n'kuwatenga. Koma popeza tsopano mukudziwa kuwerenga, tawalemba m'kabuku kano. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa pumulani, mawa mupitirize. Muwerengerenso anzanu amene sanayambe sukulu.

Nkhani yathu ndi ya moto. Mwina wina aseka n'kunena kuti, "Kodi moto nawo n'kuphunzitsana? Ife tinakulira pamoto." Zoonadi, palibe mayi pano amene sadziwa kusonkha moto. Koma zinthu zasintha. Nkhuni zimene agogo athu ankatola kuseri kwa nyumba, lero tikuzigula pamsika. Tsono tiyenera kukambirana za mbaula imene ingasunge moto nthawi yaitali, yosatha nkhuni, ndiponso yosaika banja pangozi.

CHISANU CHA KWATHU KUNO

Kuno ku Chitedze, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula mpaka ku Nambuma, tiri pamalo okwera. Dera lathu ndi lokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Chifukwa chake m'mwezi wa Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri usiku. Pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948, pali zipangizo zoyezera nyengo. M'miyezi imeneyi, m'bandakucha, choyezera chimatsika kufika pa madigiri 10, masiku ena kutsikirapo ndithu. Amene nyumba zao ziri pafupi ndi dambo akudziwa bwino chimene tikunena.

Nthawi imeneyi moto umagwira ntchito ziwiri. Timaphikira, ndiponso timaotha. Choncho nkhuni zimatha msanga kuposa nthawi ina iriyonse. Ndi nthawi yomweyinso imene timatseka zitseko ndi mazenera, utsi n'kudzaza m'nyumba. Ana nawo amasendera pafupi ndi moto. Ndiye mavuto amakhala atatu: nkhuni kutha, utsi, ndi ngozi za moto.

NKHUNI ZINAPITA KUTI?

Pa kalembera wa chaka cha 1966, m'Malawi muno munali anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka tiri oposa 17 miliyoni. Dziko silinakule, koma mafuwa achuluka. Kalembera wa 2018 yemweyo anaonetsa kuti mwa mabanja 100 alionse, oposa 90 amaphikira nkhuni kapena makala.

Kuno kwathu mitengo inatha ndi zambiri. Tinatsegula minda. Tinamanga zigafa za fodya. Tinaotcha njerwa. Makala ambiri opita mumzinda wa Lilongwe akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango imeneyi inatetezedwa ndi boma kuyambira 1922, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene anthu a mumzinda amamwa. Kudula mitengo kunafika poipa mpaka m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukailondera.

Amene akumva kuwawa kwambiri ndi mayi ndi mwana wamkazi. Ndiwo amayenda mtunda wautali ndi mtolo pamutu. Mtsikana akapita kunkhuni m'mawa, kusukulu amafika mochedwa, kapena sapita n'komwe.

UBWINO NDI KUIPA KWA MAFUWA

Tiyambe ndi mafuwa, chifukwa tonse tikuwadziwa. Mafuwa sagula. Mphika uliwonse umakhalapo, waung'ono kapena waukulu. Moto wake umawala, ndipo anthu ambiri amatha kuuzungulira. Pophika thobwa m'mgolo, kapena nsima ya pamaliro, mafuwa ndiwo amathandiza. Sitikunena kuti muwataye ai.

Koma taonani bwino moto wa pamafuwa. Uli pamtetete. Mphepo ikaomba, malawi amathawira kumbali, mphika n'kutsala wokha. Mpweya umalowa mbali zonse, choncho nkhuni zimanyeka mofulumira. Akatswiri anayeza kutentha kwa moto wotere. Anapeza kuti tikakugawa m'magawo 10, cholowa mumphika ndi gawo limodzi kapena awiri okha. Kunena kwina, mayi akasenza nkhuni 10, nkhuni 8 zimangotenthetsa mlengalenga.

Wina anena kuti, "Komatu kutentha kothawako ndiko timaotha." Inde, koma ndi kwa kanthawi. Moto wa pamafuwa umatentha kumaso, kumsana kukuzizira. Nkhuni zikangotha, kutentha nakonso kwatha, chifukwa palibe chimene chakusunga. N'chifukwa chake agogo amadzuka pakati pa usiku kukasonkhezera.

ANZATHU A KUMAIKO OZIZIRA ANATANI?

Ku maiko monga England ndi Canada kumazizira mpaka madzi kuuma ngati mwala. Nyumba zao zambiri zakale ziri ndi malo osonkhapo moto pakhoma, okhala ndi chumuni pamwamba. Nyumba zotere zirikonso kuno, monga ku Zomba ndi ku Dedza. Vuto lake ndi lofanana ndi la mafuwa. Kutentha kochuluka kumakwera m'chumuni pamodzi ndi utsi.

Tsono anthuwo anapeza nzeru. Pamalo osonkhapo moto paja amalowetsapo bokosi lachitsulo. Bokosilo liri ndi chitseko chagalasi, ndi kachitsulo kotsegulira kapena kuchepetsera mpweya. Utsi umadutsa m'paipi n'kutulukira kunja. Bokosi labwino limasunga m'nyumba magawo 7 mwa magawo 10 a kutentha. Nkhuni zoika madzulo zimayaka mofatsa kwa maola ambiri.

Bokosi lotere ndi lodula, ndipo nyumba zathu zambiri ziribe chumuni. Koma nzeru yake ndi yaulere, ndipo iri patatu. Tchingani moto. Lowetsani mpweya wongokwanira. Sonkhani nkhuni zouma. Mbaula zabwino za kuno kwathu zimatsata nzeru yomweyi.

Pali kusiyana kumodzi kumene simuyenera kuiwala. Bokosi la anzathuwo limatulutsa utsi kunja. Mbaula zathu zambiri zimausiya momwemo. Za zimenezi tikambanso kutsogoloku, chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

MBAULA YA CHITETEZO

Mbaula yoyamba ndi yadothi, yotchedwa Chitetezo Mbaula. Inayamba kudziwika m'boma la Mulanje zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo lero yafika m'maboma ambiri. M'chaka cha 2013 boma la Malawi linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja adzakhale ndi mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni. Zambiri mwa mbaula zimene zinafalitsidwa pa ntchito imeneyo zinali za Chitetezo.

Mbaulayi amaiumba ndi dothi la mtapo, lomwe lija amayi amaumbira miphika. Ikauma amaiotcha mu uvuni. Iri ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timitu titatu tokhazikapo mphika, ndi zogwirira ziwiri. Oiumba ambiri ndi magulu a amayi a m'midzi, choncho ndalama yanu imatsala kwa anzanu.

Ikagwiritsidwa ntchito bwino, pamene mumatha mitolo itatu mumatha iwiri. Imalandira tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. M'nyengo yachisanu iri ndi ubwino wina. Dothi limamwa kutentha pamene mukuphika, kenaka limakutulutsa pang'onopang'ono. Nsima itapsa kale, mbaula imakhala ikufundabe. Mungathenso kuinyamula kupita nayo pakhonde kapena pabwalo.

Kuipa kwake tikuuzeninso. Ikagwa imasweka. Imaphika mphika umodzi pa nthawi imodzi. Chikuni chachikulu sichilowa, muyenera kuwaza. Kuwala kwake ndi kochepa, ndipo masiku oyamba akuluakulu amadandaula kuti moto wabisika. Auzeni asendere pafupi ndi khomo lake, adikire kuti dothi litenthe.

MBAULA YOMANGA NDI NJERWA

Mbaula yachiwiri ndi yomanga m'khitchini ndi njerwa ndi dothi. Ku Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa linafalitsa mtundu wotchedwa Changu Changu Moto, wokhala ndi malo awiri ophikirapo. Palinso mitundu ina imene alangizi amaphunzitsa m'midzi.

Mbaula yotere siifuna ndalama zambiri, chifukwa njerwa ndi dothi tiri nazo. Pa ya malo awiri mumaphika nsima ndi ndiwo nthawi imodzi. Popeza ndi yaikulu ndi yolemera, imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa ya Chitetezo. Mwana ngakhale aikankhe, siigwa.

Koma siinyamulika. Imafuna khitchini ya denga losadontha, chifukwa mvula imaiononga. Ikang'aluka muyenera kuimata, monga m'mene mumazirira nyumba. Chinanso, miyeso yake iyenera kukhala yoyenera. Khomo likakula kwambiri, mwangomanga mafuwa ena. Likachepa kwambiri, moto umatsamwa n'kumangofuka. Choncho funsani munthu amene anaphunzira kamangidwe kake. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ena amaiikira chumuni kuti utsi uzitulukira kunja. Ndi nzeru yabwino. Koma chumuni chiyenera kupitirira denga, ndipo chisakhudze udzu kapena mitengo ya denga. Muzichotsamo mwaye kawirikawiri, chifukwa mwaye ukachuluka umatseka njira ya utsi, ndiponso umatha kuyaka.

MBAULA YA MAKALA

Mbaula yachitatu ndi ya makala. Iripo ya chitsulo chokhachokha, imene amisiri amakhoma pamsika. Iriponso yachitsulo yokhala ndi dothi m'kati, imene nzeru yake inachokera ku Kenya. Ya dothi m'katiyi imasunga makala kuposa inzake.

Koma kwa ife a kumudzi makala ndi odula, ndipo amatha mitengo. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala, pamapita nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo m'chaka cha 2020 zilango zake zinakwezedwa. Kuonjezera apo, mbaula ya makala ndiyo yoopsa kwambiri m'nyumba yotseka.

DZIFUNSENI MUSANASANKHE

Mbaula yabwino kwa mnzanu mwina si yabwino kwa inu. Khalani pansi awiri, mayi ndi bambo, mudzifunse mafunso awa.

1. Kodi timaphikira pati? Ngati muli ndi khitchini yabwino, mungamange ya njerwa. Ngati mumaphikira pabwalo, kapena muli m'nyumba ya lendi, tengani ya Chitetezo.

2. Kodi tiripo angati pabanja? Banja lalikulu limathandizika ndi mbaula ya malo awiri, kapena mbaula za Chitetezo ziwiri.

3. Kodi timasonkha chiani? Ngati ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi, mbaula zadothi zonse ziwiri zimalandira.

4. Kodi pakhomo pali mwana wokwawa, nkhalamba, kapena munthu wodwala khunyu? Ngati alipo, moto wotchingidwa ndi wofunika kwambiri kwa inu.

Tsopano tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tinene kuti banja limatha mitolo 3 pa mlungu. Chaka chiri ndi milungu 52. Ndiye kuti pa chaka limatha mitolo 156. Ndi mbaula yabwino lizitha mitolo 2 pa mlungu, pa chaka mitolo 104. Chotsani 104 pa 156. Yatsala mitolo 52. Imeneyi ndi mitolo imene mayi sadzasenza, kapena imene simudzagula. Funsani mtengo wa mtolo umodzi pamsika wa kwanu, muchulukitse ndi 52. Kenaka muyerekeze ndi mtengo wa mbaula.

Abambo, nkhani iyi musaisiyire amayi okha. Nsimayo mumadya nonse, ndipo motowo mumaotha nonse. Kuumba njerwa, kukonza denga la khitchini ndi kuwaza nkhuni ndi ntchito zimene mungagwire. Mutu umodzi susenza denga.

POGULA MBAULA YADOTHI

Musatengeke ndi maonekedwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitani monga m'mene mumachitira pogula mtsuko.

Igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira kuti ngwee. Ikalira mogonthera, ndiye kuti siinapse kapena iri ndi mng'alu wobisika.

Iyang'aneni m'kati ndi kunja, makamaka pamwamba pa khomo ndi pa zogwirira. Pamenepa ndi pamene ming'alu imayambira.

Iikeni pansi posalala. Isagwedere.

Ngati n'kotheka, pitani ndi poto amene mumaphikira nsima. M'khazikeni pamwamba. Akhale pa timitu tonse titatu osapendekeka. Pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula patsale mpata ngati kunenepa kwa chala. Mpata umenewu ndiwo njira ya malawi ndi utsi. Ukatsekeka, moto suyaka bwino.

Popita nayo kunyumba panjinga, iyalireni udzu kapena sakha. Tsiku loyamba sonkhani moto waung'ono kuti dothi lizolowere. Musathire madzi pa mbaula yotentha, ing'aluka. Musaisiye pamvula. Mukaisamala motere, idzakutumikirani zaka zingapo.

NKHUNI ZOUMA NDIZO MOTO WOFATSA

Mbaula ingakhale yabwino bwanji, nkhuni zaziwisi zimaiononga mbiri. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukausonkha, moto umayamba wagwira ntchito youmitsa madziwo. N'chifukwa chake nkhuni zaziwisi zimalira kuti tsii, zimatuluka thovu kumapeto, ndipo zimafuka utsi woyera wowawa m'maso.

Konzekerani chisanu nthawi ikadalipo. Dulani nthambi mvula ikangotha. Ziwazeni, chifukwa nkhuni yowaza imauma msanga. Zisanjeni pamwamba pa mitengo iwiri kapena pa njerwa, zisagone padothi. Pakhale podutsa mphepo, ndipo pamwamba pakhale pofolera. Nkhuni youma imapepuka, imang'aluka kumapeto, ndipo mukamenyanitsa ziwiri zimalira bwino.

Mitengo nayonso imasiyana. Yolemera monga bulugamu wouma bwino ndi kesha imayaka nthawi yaitali, ndipo imasiya makala abwino. Yopepuka monga malaina imayaka msanga n'kutha msanga. Paini ali ndi utomoni, choncho amathetheka n'kumaponya timoto. Ndi wabwino poyatsira, koma samalani naye pansi pa denga laudzu. Zitsononkho ndi mapesi ndi zabwino pophika zachangu monga phala ndi tiyi. Nkhuni zolemera muzisungire nyemba ndi kuotha kwa madzulo.

Majumbo, mabotolo apulasitiki ndi zidutswa za matayala musasonkhe, ngakhale poyatsira. Utsi wake ndi poizoni.

KUSONKHA KUTI MOTO UKHALITSE

Chotsani phulusa la dzulo musanayatse, kuti mpweya upeze njira. Yatsani ndi tinthambi touma. Moto ukagwira, lowetsani nkhuni ziwiri kapena zitatu basi. Musadzaze khomo. Moto umapuma ngati munthu, ndipo ukasowa mpweya umafuka.

Nkhuni izipsa kunsonga kokha. Muziikankhira m'kati pang'onopang'ono pamene ikunyeka. Malawi akamatulukira m'mbali mwa mphika, ndiye kuti mwachulutsa nkhuni. Madzi akawira, chotsani nkhuni imodzi. Chakudya chimapsa chimodzimodzi pa moto wofatsa.

Vundikirani mphika. Nyemba ziviikeni usiku, mawa zidzapsa msanga. Sendani ndi kudula zonse musanayatse moto. Mukaphula nsima, ikanipo madzi osamba kuti kutentha kotsala kusapite pachabe.

Madzulo, otherani pamalo otchingika ku mphepo, koma podutsa mpweya. Mukafuna kusunga moto wa mawa, kwirirani makala ndi phulusa monga ankachitira makolo. Koma zimenezi zichitike kukhitchini kumene sikugona munthu, kutali ndi udzu, ndipo chitseko chitsekedwe kuti mbuzi ndi nkhuku zisalowe.

MPWEYA WAKUPHA

Apa werengani mosamala kwambiri. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa. Achipatala amautcha kaboni monokisaidi. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Makala ofiira bwino, opanda utsi n'komwe, amautulutsabe. Makala otsala ku nkhuni nawonso amautulutsa, ngakhale mutawakwirira ndi phulusa.

Mpweyawu ukalowa m'thupi umakakamira m'magazi, n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Ngati ali mtulo samva chiri chonse. Amangogona osadzukanso. Anthu afa motere m'nyengo yachisanu, nthawi zina banja lonse usiku umodzi. Alonda ogona ndi mbaula m'kanyumba kotseka nawonso ali pangozi yomweyi.

Lamulo ndi limodzi. Musagone ndi mbaula yamoto m'chipinda. Kaya ndi ya makala, kaya ya Chitetezo, ituluke panja musanagone. Pamene mukuotha m'nyumba, chitseko kapena zenera likhale lotsegula.

Mukapeza munthu wafooka kapena wakomoka m'nyumba muli mbaula, tsegulani zitseko, mutulutseni panja msangamsanga. Mugonekeni cham'mbali. Musamumwetse kanthu ali chikomokere. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Chitedze, ku Kabudula, ku Nambuma, kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Ngakhale atsitsimuke panjira, pitirizani ulendo. Kuchipatalako mukanene kuti anagona ndi mbaula.

Nanga tifunde bwanji usiku? Matani ming'alu ya khoma chisanu chisanafike. Musagone padothi penipeni, yalani udzu kapena masaka pansi pa mphasa. Mwana avale chipewa ndi sokosi. Wakhanda amafunda bwino pachifuwa pa mayi ake. Kwa munthu wamkulu, mungaike njerwa pambali pa mbaula pamene mukuphika, kenaka n'kuikulunga ndi nsalu yochindikala, n'kuiika kumapazi. Ikhale yofunda, yogwirika ndi dzanja. Njerwayi musaikire mwana wamng'ono, kapena munthu amene mapazi ake anachita dzanzi chifukwa cha matenda a shuga.

ANA, UTSI NDI MOTO

Utsi umawawa m'maso, umayambitsa chifuwa, ndipo pakapita zaka umaononga mapapo. Mbaula yabwino ndi nkhuni zouma zimachepetsa utsi, koma siziuthetsa. Kuyambira 2013 mpaka 2016, madokotala anachita kafukufuku ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000. Anapeza kuti mbaula yabwino payokha siinachepetse chibayo mwa ana. Choncho musanene kuti, "Ndagula mbaula, mwana wanga watetezeka." Phikirani podutsa mphepo. Mwana asakhale kumsana pamene mukuuzira moto. Pitani naye kusikelo akalandire katemera yense. Akamapuma mofulumira kapena movutika, musachedwe naye pakhomo.

Mbaula yadothi imatchinga malawi, koma kunja kwake kumatentha. Aphunzitseni ana kuti asaigwire. Chigwiriro cha poto chiloze kukhoma. Munthu wodwala khunyu asakhale yekha pamoto, ndipo akagwa m'chotseni pamotopo msanga. Khunyu sapatsirana pomugwira munthu.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Musapake mazira, mafuta, mchere, dothi kapena mankhwala otsukira mano. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala.

BZALANI NKHUNI ZANU

Mbaula imachepetsa nkhuni, koma siibala nkhuni. Kuyambira 1976 dziko lathu linali ndi tsiku lobzala mitengo, pa 21 Januwale. Masiku ano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Bzalani kesha m'malire a munda ndi kuzungulira nyumba. Mukamudula amaphukanso. Gilirisidiya amapereka nthambi zosonkha, ndipo masamba ake amabwezera chonde m'nthaka. Nandolo amakupatsani ndiwo, kenaka mapesi ake n'kukhala nkhuni. Msangu ndi mthethe zikamera zokha m'munda, zisiyeni zikule, muzingosadzako nthambi. Bulugamu musabzale m'dambo kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa amamwa madzi ambiri. Mlangizi wa za nkhalango kapena wa zaulimi wa dera lanu angakuuzeni kopeza mbeu.

Ubwino wa mbaula yadothi ndi wakuti imakhuta ndi tinthambi. Simufunika kugwetsa mtengo wonse. Mtengo umatsala chiriri, chaka chamawa n'kukupatsaninso nthambi zina.

KUMBUKIRANI

Sankhani mbaula yoyenera khitchini yanu ndi banja lanu.

Igogodeni ndi kuiyang'ana musanapereke ndalama.

Umitsani nkhuni chisanu chisanafike.

Nkhuni ziwiri kapena zitatu ndi zokwanira.

Musagone ndi mbaula yamoto m'chipinda.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Kodi banja lanu limatha mitolo ingati pa mlungu? Lembani m'kope lanu kwa milungu inayi.

2. Tchulani zinthu zitatu zoyang'ana pogula mbaula yadothi.

3. Chifukwa chiani makala opanda utsi ali oopsa m'nyumba yotseka?

4. Kodi m'mudzi mwanu, kapena m'mudzi woyandikana nawo, muli dothi la mtapo? Ndani amadziwa kuumba?

Funso lachinayili mulitengere kwa a mfumu ndi kwa mlangizi. Ngati dothi liripo, gulu lanu lingathe kupempha maphunziro oumba mbaula, kuti muzigwiritsa ntchito nokha ndi kugulitsako zina. Yambani kukambirana mvula isanathe, kuti Juni akamafika mbaula ikhale iri pakhomo ndi nkhuni ziri zouma.